Bass iyi ndi iti? Kala ya khungu isakupusitseni

Pali owerenga ena anditumizira imelo, akuti angoyamba kumene zowedza ngati masewera, zija zogwira nsomba kenako nkuibwezera mmadzi. Ndiye anagwira nsomba yotchedwa bass yonenepa bwino koma anzawo awiri anakangana mpaka bwato kutsala pang'ono kugubuduzika, wina akuti ndi largemouth (bass yakamwa lalikulu) wina akuti ayi ndi smallmouth (yakamwa laling'ono) chifukwa inali yoderako. Funso lawo ndi loti kodi munthu amasiyanitsa bwanji, komanso kodi kala siyokwanira? Chithunzi atumizanso.

Achimwene, kala muisiye kaye pambali. Nsomba zimasintha maonekedwe malinga ndi madzi omwe zikukhalamo, bass ya mmadzi oyera mizere yake imaoneka bwinobwino pomwe ya mmadzi amatope imangokhala mbuu mpaka mzere kusowa, ndipo ngakhale nsomba imodzi yomweyo mukaisunga kanthawi imatha kuda kapena kuyererako. Zomwe sizisintha ndi pakamwa, zipsepse ndi mchira. Muziyambira pamenepo.

Pa bass chitani izi. Itsekeni pakamwa, ndikubwerezanso, pakamwa pakhale potseka chifukwa ikayasamula zonse zimaoneka zakamwa lalikulu basi. Kenako onani pomwe nsagwada yakumwamba ikuthera. Ikapitirira diso nkukathera kumbuyo kwake imeneyo ndi largemouth, ikathera pansi pa diso ndi smallmouth. Chachiwiri tambasulani chipsepse chapamsana. Chili ndi mbali ziwiri, kutsogolo kwa minga ndi kumbuyo kofewa, ndiye pa largemouth pakati pake pamalowa mkati kwambiri ngati zipsepse ziwiri zosiyana pomwe pa smallmouth zimangolumikizana bwino popanda mpata waukulu. Mukamaliza izi ndi pomwe mungayang'ane khungu ngati umboni woonjezera chabe: largemouth imakhala yobiriwirako ndi mzere wakuda wochokera kumutu mpaka kumchira, smallmouth ndi yabulauni, mizere yake ndi yoimirira ndipo nthawi zambiri maso amakhala ofiirira. Malo omwe mwaigwira amathandizanso, largemouth imakonda madzi ofunda odekha a udzu ndi zitsa, inzakeyo imakonda madzi ozizirirapo a miyala. Koma pali kanthu kena kosokoneza kotchedwa spotted bass, mzere ili nawo ngati largemouth koma nsagwada siipitirira diso, ndipo mukagwira lilime lake ndi chala mumamva kachigamba kokhakhala ka timano. Iyi yanamiza anthu ambiri odziwa.

Nsomba zinanso zimasokoneza chimodzimodzi. Pa nsomba yotchedwa trout yang'anani mchira. Rainbow trout mchira wonse ndi madontho akuda okhaokha, kuphatikiza mzere wa pinki m'mbalimu. Brown trout kumchira madontho ndi ochepa kapena kulibe, koma m'thupi imakhala ndi timadontho tofiira tozunguliridwa ndi kala yoyererako. Trout ziwiri zonsezi zili ndi kachipsepse kakang'ono kamnofu pakati pa chipsepse chapamsana ndi mchira, komwe bass ilibe. Tigerfish ya mu Zambezi nayonso ili nako kachipsepse kameneka, koma imeneyo simungaisokoneze ndi ina, mano okhawo akuuzani, ndipo ngati simunaike kawaya pakati pa mbedza ndi chingwe mungobweza chingwe chodukacho.

Za m'nyanja yamchere zija za mlomo wautali sizivuta kwenikweni. Sailfish chipsepse chapamsana ndi chachitali chotambalala ngati thanga ya bwato. Swordfish mlomo wake ndi wophwatalala ndipo ilibe zipsepse zapamimba, pomwe wa marlin ndi wobulungira. Black marlin yaikulu zipsepse zam'mbali ndi zouma gwa, sizipindika kugona pathupi, za blue marlin zimapindika.

Mwina mukuti nanga vuto nchiyani poti ndimabweza mmadzi? Vuto lilipo. Malo ambiri owedzera malamulo ake amatengera mtundu wa nsomba, kutalika kololedwa, kuchuluka kwake komanso miyezi yoletsedwa, ndiye kunena kuti ndimayesa ndi ina sikukupulumutsani. Pampikisano ndiye nkhani imakula, ndipo a IGFA, bungwe lomwe linayamba mu 1939 ndipo limasunga marekodi a padziko lonse, salandira nsomba yomwe mtundu wake sukutsimikizika pazithunzi. Anthu awa sachita zamasewera ayi. Rekodi ya largemouth anaiika George Perry mu 1932 ku Montgomery Lake, Georgia, nsomba ya makilogalamu 10.09. Mu 2009 Manabu Kurita anagwira ya makilogalamu 10.12 ku Lake Biwa ku Japan, yolemererapo ndithu, koma a IGFA anangomulemba kuti afanana ndi Perry chifukwa pa nsomba za saizi imeneyi umayenera kuposa ndi magalamu pafupifupi 57. Ine mpaka lero ndimamumvera chisoni mkuluyu.

Chomwe ndimadana nacho ndi kukangana nsomba ili m'manja ikupuma wefuwefu. Nyowetsani manja musanaigwire chifukwa manja ouma amachotsa kuterera kwapakhungu komwe kumaiteteza ku matenda, igwireni mopingasa dzanja lina likuchirikiza mimba, osailendewetsa ndi nsagwada makamaka ikakhala yolemera. Foni ikhale yokonzeka kale, jambulani cham'mbali pakamwa potseka, china chipsepse chapamsana chili chotambasula, china cha mchira, kenako mmadzi. Ikakhala yafooka igwirizeni mmadzimo mutu utaloza komwe madzi akuchokera mpaka idzipulumuke yokha. Zokangana muzichita pambuyo mukuyang'ana pa foni.

Tsono chithunzi chanucho ndachikulitsa. Nsomba ndi yoderadi ngati momwe mnzanuyo ananenera, mzere sukuoneka bwino, koma nsagwada yapitirira diso moonekeratu ndipo pamsana mpata uja ndi wakuya. Ndi largemouth. Muwauze a smallmouth aja kuti aluza, koma ulendo wina chala chanu chachikulu chisamabise theka la mutu wa nsomba pojambula, ndinavutika nacho kwambiri.