Anati mtsempha achotsa, nanga dzinoli likugundiranji?

Adokotala,

Ine ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala ku Chinamwali ndipo ndimagulitsa kaunjika mu msika wa Zomba. Dzino langa la kumbuyo, la m'mwamba mbali ya kumanzere, linabooka kalekale koma ndinkangolipirira ndi Panado mpaka mwezi watha linandigoneka pansi, nde ndinapita ku chipatala china cha pulayiveti m'tauni muno kuti akangolizula ndipume. Adokotala ake anati ayi mayi dzinoli likhoza kupulumuka tipange root canal, kuchotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino nkulimata, anandibaya jakisoni wa dzanzi nkuliboola nkumalowetsamo titsulo tangati singano, ulendo woyambawo zinayenda bwinobwino. Lachiwiri lapitali ndi pomwe anamalizitsa nkulimata. Dzanzi litangotha madzulo ake, mayo ine! Lero Loweruka sindinapitenso ku msika, ndikatseka pakamwa dzinoli ndi lomwe likuyamba kugunda linzake la pansi ngati latalika, nsima sindikuyerekeza nkomwe ndikungomwa phala, usiku likumagunda ngati ng'oma moti ndikumakhala tsonga pampando mpaka atambala. Tsaya silinatupe ndipo thupi silikutentha. Ndikumwa Brufen ululu ukafika povuta, mnzanga wa benchi loyandikana wandipatsa Indocid ndi makapisozi a amoxicillin omwe anatsala kunyumba kwake, apongozi akuti ndiphwanye aspirin ndiike pa nkhama. Bambo a kunyumba akungoti ndinakuuza ukazule. Ndalama ndinalipirayo bwenzi nditagula feteleza wa chaka chino. Ngati mtsempha anauchotsa, chikupwetekacho ndi chani? Anandipusitsa? Ndikazulitse basi?

Wodandaula, Chinamwali


Pepani kwambiri achemwali. Ndinakuyankhani kale pa WhatsApp tsiku lomwelo chifukwa dzino silidikira magazini, koma ndalemba panonso poti funso ili limabwera kawirikawiri.

Ayi, sindikuona kuti anakupusitsani. Mtsempha anachotsadi, koma ndi wa m'kati mwa dzino mokhamo. Dzinotu silili ngati msomali wokhoma pa thabwa, muzu wake umakhala m'fupa la nsagwada utagwiridwa ndi timinofu tangati ulusi kuzungulira konse, ndipo timinofu timeneti tili ndi mitsempha yaketake yomwe adokotala sanaikhudze ndipo sayenera kuichotsa. Ndi imene imakuuzani kuti mwaluma kamwala mu mpunga. Tsono titsulo mukunenato timapala m'njira za muzu mpaka kunsonga kwenikweni, amatsukamo ndi mankhwala opha tizilombo otchedwa sodium hypochlorite (a mtundu umodzi ndi Jik koma oyezedwa bwino, chonde wina asakayese kuchukucha Jik kunyumba), kenako nkutsekamo ndi timitengo ta mphira totchedwa gutta-percha. Pa ntchito yonseyi tizinyalala ndi tizilombo tina timakankhidwira kunja kwa nsonga ija, timinofu tija timakwiya nkutupa. Munga ukazulidwa ku phazi suja pamalopo pamapwetekabe masiku angapo mukaponda? Ndi zomwezo.

Nde kupweteka masiku awiri atatu oyamba si zachilendo, ena mpaka sabata amamvabe kanthu akatafunira mbali imeneyo. Chomwe ine ndimayang'ana si kukula kwa ululu kokha koma komwe ukulowera, kodi lero wachepako kuyerekeza ndi dzulo kapena ukukwera. Wochepa tsiku ndi tsiku, ngakhale pang'onopang'ono, uli pa njira yake. Wanu wafika tsiku lachinayi osabwerera m'mbuyo, ndipo mwanena chinthu chimodzi chomwe chandigwira khutu, choti dzinolo ndi lomwe likuyamba kugunda linzake.

Apa mwina mwadzipima nokha. Pomata paja adokotala amakuuzani lumani, mukumva bwanji, koma nthawi imeneyo theka la nkhope lili dzanzi, mwayasamula ola lathunthu nsagwada zatopa, munthu umangoti zili bwino kuti uzipita. Chomatiracho chikatsala chokwera ngakhale pang'ono ngati kukhuthala kwa pepala, ndiye kuti nthawi iliyonse mukatseka pakamwa, mukameza malovu, mukakukuta mano kutulo, mphamvu yonse ya nsagwada ikuthera pa dzino limodzi lomwe pansi pake pali bala kale. Kutupa kwa timinofu tija nakonso kumalitukula dzino pang'ono, nde zimangowonjezerana. Mankhwala ake ndi osavuta mpaka mumakwiya kuti ndavutikiranji masiku onsewa. Amakulumitsani kapepala ka buluu kangati kaboni, pomwe pagunda kwambiri pamatsala chizindikiro, amapala pamenepo ndi kamakina kaja, mphindi zochepa basi ndipo nthawi zambiri sipafunikanso jakisoni. Bwererani komwe anakupangani, Lolemba m'mawa, musachite manyazi ngati mukuwavutitsa. Kuonanso dzino lomwe agwira ndi mbali ya ntchito yomwe munalipira ija. Ndipo mukawauze mawu omwewo mwandiuza ine, kuti likuyamba kugunda ndi ili.

Akaona kuti kalumidwe kali bwino ndiye ajambule X-ray. Dzino la m'mwamba la kumbuyo ngati lanulo limakhala ndi mizu itatu koma njira zake nthawi zambiri zimakhala zinayi, yachinayiyo ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo imabisala, dokotala waluso amene amatha kuiphonya. Ikatsala yosatsuka ululu sutha mpaka atatsegulanso nkuitsuka. Nthawi zina dzino limakhala kuti lili ndi mng'alu, kapena pansi pa muzu payamba mafinya. Zonsezi amadziwa ndi amene akuliona, ine pa foni sindingathe.

Tsono za mankhwala, apa mundimvetse bwino chifukwa ndi pomwe anthu timadzivulaza. Brufen mukumwayo ndi wabwino pa ululu wa mtundu uwu poti amachepetsa kutupa, vuto ndi kamwedwe kanu kodikira kuti zifike povuta. Kwa munthu wamkulu wopanda matenda ena ndi 400mg maola 8 aliwonse, katatu pa tsiku, mutadya kaye ngakhale phala lomwelo, ndipo onani pa paketi chifukwa mapiritsi ena ndi a 200mg ena a 400mg. Pamwamba pake mutha kumwa Panado awiri a 500mg maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 pa tsiku zivute zitani, chiwindi sichikhululuka. Awiriwa akaphatikizana amagwira bwino kuposa aliyense payekha, ndipo muziyendera wotchi masiku awiri atatu amenewa osati kudikira ng'oma ija iyambe. Mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu a mu golosale amakhala ndi paracetamol kale m'kati, yemwe ndi Panado yemweyo, nde musamangowonjezera osawerenga.

Indocid wa mnzanuyo m'bwezereni. Iyeyo, diclofenac, aspirin ndi Brufen ndi a banja limodzi, kuwamwa pamodzi ululu suchepa kawiri ayi, chomwe chimachitika ndi kukwapula m'mimba mpaka kutuluka magazi komanso kulemetsa impso. Ndipo amene ali ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, amayi oyembekezera, amene mphumu yawo imadzuka akamwa aspirin, kapena akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin, Brufen yemweyo si wawo, akhale pa Panado mpaka ataonana ndi dokotala. A BP nawonso afunse kaye.

Amoxicillin si mankhwala a ululu. Popanda kutupa kapena kutentha thupi palibe chomwe akuchitireni, ndipo makapisozi asanu otsala kwa wina amangophunzitsa tizilombo kulimba. Akafunika adokotala alemba okha mlingo wokwanira.

Apongozi alemekezeni koma aspirin pa nkhama ayi. Ndi asidi ameneyo, amawotcha mnofu nkusiya chilonda choyera ngati mwapsa ndi phala la moto, pomwe ululu uli m'fupa m'kati komwe iye safika nkomwe. Chimodzimodzi kachasu, fodya wa mphuno, madzi a batire omwe ena amathira m'dzino lobooka. Chomwe mungapange kunyumba ndi kuchukucha madzi ofunda othira theka la kasupuni ka mchere mu kapu imodzi, katatu kanayi pa tsiku, kuika kansalu kokulunga botolo lozizira pa tsaya kwa mphindi 15 nkupumira, kugona mutu uli m'mwamba pa mapilo awiri poti mukagona chathyathyathya magazi amathamangira kumutu nkuona kugunda kuja kumakula usiku, ndi kutafunira mbali inayo. Kutsuka mano musasiye, muzingodutsapo mofatsa. Zothowa ndi madzi otentha pa tsaya zisiyeni.

Mwati simunatupe, zikomo. Koma zikasintha, tsaya likayamba kutupa kukwera cha ku diso kapena kutsikira pansi pa chibwano ndi pakhosi, thupi kutentha ndi kunjenjemera ngati malungo, pakamwa kukanika kutsegula, kumeza kapena kupuma movutikira, pamenepo palibenso za Lolemba. Kwerani chilichonse chomwe chapezeka, kaya ndi kabaza, mupite ku Zomba Central Hospital ngakhale pakati pa usiku. Mafinya a dzino akalowera pansi pa lilime amatha kutseka njira ya mpweya m'maola ochepa, ndipo anthu amafa nazo zimenezi akuti ndi dzino chabe.

Zozula ine ndikuti dikirani kaye. Bambowo sindikuwada, tonse tinakula tikudziwa kuti dzino likapweteka mankhwala ake ndi kuzula, madokotala a mano m'dziko muno akhala ochepa kwa nthawi yaitali, digiri ya udokotala wa mano inangoyamba kuphunzitsidwa mu 2019 ku College of Medicine yomwe pano ndi mbali ya yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), nde pa mzere wa anthu ambirimbiri chachangu chinali kuzula. Koma dzino la kumbuyo likachoka oyandikana nalo amayamba kupendekera pa mpata paja, la pansi limatalika posowa logundana nalo, ndipo loikirira ndi lodula kuposa zomwe mwalipira kale. Akapeza kuti lang'aluka mpaka ku muzu, apo ndiye lizulidwe, palibe kuchitira mwina. Koma kuzula dzino lomwe mwina likungofunika kupala kachidutswa ka chomatira, feteleza uja ndiye mwamutayadi.


Adokotala, ine anandipanga root canal miyezi isanu ndi umodzi yapitayo, ululu utatha sindinabwererenso ngakhale anati ndikabwere adzamate zokhalitsa. Dzana ndikudya nzimbe mbali ina ya dzino yabenthuka, komanso pa nkhama pali kachotupa kangati chiphuphu kamene kamaphulika nkutuluka zowawa kenako nkubweranso. Sikakupweteka kwenikweni. Wa mu famase wandipatsa Flagyl, kodi ndingamwe kamowa pang'ono pa ukwati Loweruka?

Mnyamata wa ku Thondwe


Achimwene, mowa ndi Flagyl sizionana, mudzasanza pa ukwati wa eni ake mtima ukuthamanga nkhope ili psuu, ndipo muyenera kudikira maola 48 mutamaliza mapiritsi omaliza. Koma nkhani yaikulu si imeneyo. Chomatira cha kanthawi chija amachipangira masabata ochepa, chikakhalitsa chimayamba kudontha malovu ndi tizilombo nkulowanso m'njira zomwe anatsuka zija. Kachiphuphu mukunenako ndi khomo lomwe mafinya a pansi pa muzu adzitsegulira, nchifukwa chake simukumva ululu, akutuluka m'malo mofufuma m'kati. Flagyl akaphwetsa kwa masiku angapo kenako kabweranso chifukwa gwero lili m'dzino momwe mapiritsi safika. Pitani akalijambule sabata ino, ngati lathyokera pamwamba pa nkhama akhoza kulitsukanso nkuliveka kachisoti kolimba kotchedwa crown, ngati lathyokera pansi ndiye lapita. Nzimbe muzisenda ndi mpeni nkutafunira mbali inayo mpaka akuoneni.