Kodi n'zoona kuti tizilombo ta TB timadya mafuta a m'thupi?

Mayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti tizilombo ta chifuwa chachikulu timadya mafuta a m'thupi, komanso ngati mlongo wanu amene wayamba kumwa mankhwala ayenera kusiya zakudya zamafuta kuti tizilomboto tife ndi njala. Zoti timadya mafuta n'zoona, koma chonde musamuletse zakudyazo, chifukwa mafuta amene timadya si a m'mbale, koma a m'kati mwa maselo a wodwalayo.

Kachilombo ka Mycobacterium tuberculosis, kamene Robert Koch anakalengeza mu 1882, kakalowa m'mapapo kamamezedwa ndi maselo oteteza thupi otchedwa ma macrophage, amene ntchito yawo ndi kumeza ndi kugaya tizilombo. Mabakiteriya ambiri amathera pomwepo, koma a TB amalepheretsa kathumba kamene atsekeredwamo kulumikizana ndi timatumba ta mankhwala ogayira, ndipo amayamba kukhala mmenemo ngati mlendo amene wakana kutsanzika n'kufika potsegula nkhokwe ya mwini nyumba. Selo logwidwalo limadzaza timadontho ta mafuta mpaka kuoneka ngati thovu pa maikulosikopu, ndipo bakiteriyayo amakoka mtundu wina wa mafuta wotchedwa kolesterolo kudzera pa khomo lake lotchedwa Mce4, pamene mafuta ena amalowera pa Mce1. Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti pamene asayansi anawerenga majini (malangizo a chibadwa) onse a bakiteriya wa TB mu 1998, anapeza ma enzyme (tinthu tothandiza kugaya kapena kupanga zinthu m'selo) pafupifupi 250 okhudza mafuta, pomwe bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. coli ali nawo pafupifupi 50 okha.

Mafuta obedwawo ali ndi ntchito zingapo. Ena amasanduka mphamvu, ena amathandiza kumanga khungu lokhuthala, longa phula, limene limateteza kachilomboka, ndipo mankhwala a TB otchedwa isoniazid amagwira ntchito potsekereza kupangidwa kwa mycolic acid, amene ndi mbali yaikulu ya khungulo. Ena amasungidwa m'kati mwa bakiteriya mwini, ndipo apa m'pamene nkhaniyi ikukhudzira mlongo wanu. Thupi limazinga malo ogwidwawo ndi mpanda wa maselo wotchedwa granuloma, ndipo maselo odzaza mafuta aja akamafa, pakati pake pamatsala phala loyera lokhala ndi kolesterolo wambiri, lopanda mitsempha ya magazi komanso losowa mpweya. M'phala limeneli tizilombo timachepetsa kwambiri kuswana n'kumadalira mafuta amene tasunga, ndipo popeza mankhwala ambiri amapha msanga tizilombo tomwe tikuswana, togonati timachedwa kufa. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mankhwala amatengera miyezi 6, iwiri yoyamba ya rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenako inayi ya rifampicin ndi isoniazid. Munthu angaleke kutsokomola patangopita milungu yochepa, koma akasiya mankhwala, totsalato timadzuka, ndipo nthawi zina timabwerera tosamva mankhwala.

Khalidweli lili ndi tizilombo tinanso: ta khate timadzazanso maselo ndi mafuta, ndipo Helicobacter pylori, amene amayambitsa zilonda za m'mimba, amatenga kolesterolo wa munthu n'kumuika pa khungu lake kuti azembe chitetezo cha m'thupi.

Kuwonda kwa wodwala sikubwera chifukwa choti tizilombo tamudyera mafuta onse, pakuti n'tating'ono kwambiri moti sitingathe kutero. Kumabwera chifukwa cha nkhondo ya chitetezo cha m'thupi, imene imatulutsa zinthu monga TNF zochotsa chilakolako cha chakudya ndi kusungunula minofu, kuphatikizapo kutentha thupi kwa nthawi yaitali. Ndiponso thupi limadzipangira lokha kolesterolo wambiri, makamaka m'chiwindi, kotero kumumana mazira kapena nsinjiro kungafooketse iyeyo osati tizilombo. Kafukufuku wa RATIONS wa ku Jharkhand, m'dziko la India, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2023, anasonyeza kuti kupereka chakudya chowonjezera kwa achibale okhala ndi wodwala kunachepetsa TB pakati pawo ndi pafupifupi 40 peresenti. Choncho mupatseni mlongo wanu nyemba, usipa, mazira, mapeyala ndi ndiwo zotendera, pang'onopang'ono koma pafupipafupi ngati sakufuna kudya, ndipo mupemphe kuchipatala kuti amuyezenso shuga ndi HIV, popeza matenda awiriwa amafooketsa maselo omwe aja amene ayenera kutsekera tizilomboti.