Musalipire munthu kuti akubwezetsereni ndalama zimene banki inakudulani

Mwana wa mlongo wanga, amene anafika kuno ku Britain chaka chatha pa viza yosamalira okalamba, anandiimbira foni Lamlungu usiku kufunsa ngati zili zoona kuti banki imabweza ndalama zimene inadula munthu ali pa mavuto. Funsolo linabwera mochedwa, chifukwa anali atatumiza kale mapaundi 150 kwa munthu wina wa pa gulu la WhatsApp amene analonjeza kuti amuyendetsera mapepala onse, ndipo kuyambira tsiku limenelo nambala ya munthuyo sikupezeka. Ndinamukalipira, koma nditaika foni pansi ndinaona kuti wolakwa ndine malume wake, amene ndakhala kuno zaka zambiri osamukhazika pansi pa nkhani imeneyi.

Choyamba, kudandaula ku banki n'kwaulere, ndipo kukasuma kwa Financial Ombudsman Service, ofesi imene imaweruza pakati pa mabanki ndi makasitomala awo, nakonso n'kwaulere. Aliyense wofuna ndalama musanayambe n'komwe ndi wakuba, ngakhale akhale wolankhula Chichewa cha kwanu. Alipo makampani ovomerezeka ogwira ntchito imeneyi, koma amatenga gawo lawo pa ndalama zobwezedwazo, mpaka 30 peresenti pa ndalama zochepa, chonsecho kalata imene amatumiza mungathe kuilemba nokha pa tebulo la kukhitchini.

Zanga zinandigwera mu 2016. Maola anga a ntchito anachepetsedwa mwezi womwe bambo anga anamwalira ku Ntcheu, ndipo inu mukudziwa kuti maliro akagwa, wa kunja ndiye amagula bokosi, kulipira galimoto ndi kudyetsa anthu pa siwa. Akaunti inatsika kupitirira ziro, direct debit ya magetsi, ndalama imene kampani imadzitengera yokha mu akaunti, inabwerera, banki inandidula chifukwa cha kubwererako, kenaka inayamba kundidula tsiku ndi tsiku chifukwa chokhala m'ngongole imene mbali yake yaikulu inali zodula zawo zomwezo. Malipiro akalowa Lachisanu, ndinkaima pa makina otulutsira ndalama n'kuona kuti dzenje langochepa koma silinakwiririke. Nditapita ku nthambi ya banki, mtsikana wa pa kauntala anandiuza mosayang'ana n'komwe nkhope yanga kuti nkhani yobweza zodulazo inatsekedwa ndi khoti mu 2009. Ndinamukhulupirira, ndipo ndinakhala chete chaka chathunthu.

Mawu akewo anali oona mbali imodzi yokha. Mu Novembala 2009 Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri la kuno, inagamula mokomera mabanki pa mlandu umene Office of Fair Trading, ofesi ya boma imene inkateteza ogula, inalimbana nawo, kotero kungonena kuti zodulazo n'zokwera kwambiri sikukufikitsani patali. Koma chigamulocho sichinachotse udindo umene banki ili nawo, pansi pa malamulo a Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira mabanki, wochitira chifundo ndi chilungamo kasitomala amene wagwa m'mavuto a zachuma. Khomo limene linatsala ndi limenelo, ndipo ndinalidziwa kwa mayi wina wachikulire wa ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwaulere. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene tinkadyera limodzi nsima pa misonkhano ya Amalawi, anali atabwezeredwa zake kalekale, ndipo ankandiona ndikubwereka mapaundi 20 a basi osatsegula pakamwa.

Chachiwiri, mavuto a zachuma si mawu ongotchula, ayenera kuoneka pa pepala. Banki imafuna kuona kuti mukulephera kulipira zinthu zofunika monga lendi, msonkho wa khonsolo, magetsi, gasi ndi chakudya, kuti ndalama zolowa zinatsika chifukwa cha kutha kwa ntchito, matenda kapena imfa, ndiponso kuti zodula zawo zikubereka zodula zina. Sungani makalata okumbutsa ngongole, mapepala a malipiro osonyeza kuchepa kwa maola, ndi kalata ya dokotala ngati munadwala. Ife tinaleredwa kuti umphawi suuzidwa kwa mlendo, ndipo ambiri akaimba foni ku banki amayankha kuti zonse zili bwino, kenaka n'kudabwa kuti sanathandizidwe. Nenani mosabisa kuti muli pa mavuto a zachuma ndipo mukupereka dandaulo, chifukwa mawu akuti dandaulo ndi amene amayambitsa kuwerenga masiku.

Dziwaninso kuti iwo adzawerenga sitetimenti yanu mzere ndi mzere. Akapeza kubetcha mpira sabata iliyonse, adzakufunsani. Akapeza ndalama zopita kumudzi mwezi uliwonse, angaganize kuti muli nazo zotsala, popeza sadziwa kuti fizi ya ana a malemu, feteleza wa amayi ndi mankhwala a agogo zonse zili pa mutu panu. Zifotokozeni nokha m'kalatamo asanafunse, mwachidule ndiponso moona. Ine ndinalemba za malirowo m'mizere itatu, ndipo ndi mizere imeneyo imene woweruza wa kwa Ombudsman anaitchula m'yankho lake.

Masiku ake ndi awa, ndipo muwalembe pakhoma. Mungathe kubwerera m'mbuyo zaka 6, ndipo ngati mulibe masitetimenti akale, lamulo loteteza zinsinsi za anthu limakupatsani ufulu wopempha zonse zimene banki imasunga zokhudza inu, kwaulere, iwo n'kuyankha pasanathe mwezi umodzi. Banki ili ndi masabata 8 oti ipereke yankho lomaliza. Ikakana, kapena ikangokhala chete, mumapita kwa Ombudsman, koma muli ndi miyezi 6 yokha kuchokera pa tsiku la kalata yomalizayo. Ine banki inandikana koyamba ndi kalata yokoma mawu, ndipo ndikanaiponya m'kabati pamodzi ndi makalata ena osatsegula, mwayi ukanapita.

Obwera kumenenu mwapeza zinthu zitasintha, chifukwa kuyambira mu Epulo 2020 mabanki analetsedwa kudula ndalama za tsiku ndi tsiku kapena za pa mwezi pa overdraft, ngongole imene mumalowa akaunti ikatsika kupitirira ziro, ndipo amangoika chiwongoladzanja chimodzi cha pa chaka. Musaone ngati nkhondo yatha, poti mabanki ambiri akuluakulu anachiika pafupifupi 40 peresenti, ndipo munthu wokhala m'ngongoleyo mwezi ndi mwezi amadyedwabe. Chiwongoladzanja chimenecho nachonso mungapemphe kuti chiimitsidwe kapena chibwezedwe.

Chachitatu chimakhumudwitsa ambiri: kubwezeredwa sikutanthauza kulandira ndalama m'manja. Zanga anabweza mbali yake chabe, ndipo zonse zinangolowa m'dzenje la ngongoleyo, moti sindinagwire ngakhale paundi imodzi, ngakhale kuti kwa nthawi yoyamba malipiro anga anakhala anga. Banki ingathenso kuchepetsa kapena kuchotsa overdraft yanu, ndipo pangano lolipira pang'onopang'ono lingaoneke pa mbiri yanu ya ngongole, imene eni nyumba ena amaiyang'ana. Musanatumize kalata, tsegulani basic bank account ku banki ina imene mulibe nayo ngongole, kuti malipiro azifikira kumeneko. Akaunti yotere ilibe overdraft ndipo sadula kanthu direct debit ikabwerera.

Mphwangayo anali ndi mantha enanso, akuti kudandaula kungaipitse viza yake poti inalembedwa kuti sangalandire thandizo la boma. Kubwezeredwa ndalama zanu ndi banki si thandizo la boma, ndipo uphungu wa mabungwe othandiza pa ngongole monga StepChange, National Debtline kapena Citizens Advice ndi waulere kwa aliyense. Ku England ndi Wales, alangizi amenewa angakulowetseni mu Breathing Space, dongosolo limene linayamba mu Meyi 2021, loimitsa chiwongoladzanja ndi kulondalonda kwa okongoza kwa masiku 60.

Loweruka likudzali mphwangayo abwera kunyumba ndi masitetimenti ake ndi ndandanda ya maola imene abwana ake anaidula pakati, ndipo kalatayo tikailemba limodzi. Za mapaundi 150 aja ndamuuza kuti akanene ku banki yake lero lomwe, ndipo atenge zithunzi za mauthenga onse munthuyo asanawafafanize.