Mayi, mawaya a alamu yakaleyo musawadule

Sabata yatha mayi wina amene amawerenga zolemba zanga ananditumizira imelo. Iwo ndi banja lawo angolowa kumene m'nyumba yomwe agula, ndipo apezamo alamu yakale yoteteza ku akuba. Eni ake oyamba sanawasiyire nambala yake yachinsinsi. Usiku kabokosi ka pakhomo kamangoti pii! pii! mpaka ana kudzuka. Bambo a kunyumbako atopa nazo, akuti angotenga pulayazi adule mawaya onse, agule alamu yatsopano yopanda mawaya. Mayiwa akufunsa ngati atero ndithu.

Mayi, auzeni bambo ayambe abweza pulayaziyo pomwe anayitenga. Ndikudziwa kuwawa kwa kusowa tulo, ndipo munthu amene wagona m'maso masiku angapo amafuna vutolo lithe lero lomwe. Koma pa alamu yonseyo, chamtengo wapatali ndi mawaya amene ali m'makoma anuwo. Bokosi limakalamba, batire limafa, mabatani amafufutika, koma waya wa kopa woikidwa bwino m'khoma kapena kudenga amakhala zaka makumi angapo ali bwinobwino. Alamu yatsopano ikhoza kuyendera mawaya omwewo.

Tiyambe ndi kulirako, chifukwa mwina palibe chofunika kuchotsa. Kabokosi ka pakhomo kamene mumadinapo manambala ndi keypad chabe. Mwini ntchito ndi bokosi lina lalikulupo, lachitsulo kapena lapulasitiki, lotchedwa control panel, limene amakonda kulibisa m'kabati, m'galaja, pansi pa masitepe kapena kudenga. M'menemo muli batire la 12V, kawirikawiri la 7Ah, lokula ngati kanjerwa, lomwe limagwirizira alamu magetsi akazima. Moyo wake ndi zaka 3 mpaka 5. Likayamba kufooka, keypad imadandaula, ndipo kudandaula kwake ndi pii! pii! ameneyo. Ndinatsegulapo bokosi lotere kwa mlongo wanga. Batire linali litatupa m'mbali, pa timitu take patayanga zoyera ngati mchere, ndipo pamwamba pake amene analiika analembapo chaka ndi cholembera chakuda. Panali patadutsa zaka 11. Titaika latsopano, usiku umenewo m'nyumba munali zii.

China chimene chimalizitsa keypad ndi foni yapansi. Maalamu akale ambiri ankaimba foni akamva wakuba, choncho nthawi zonse amafufuza ngati layini ilipo. Eni nyumba akasamuka n'kudulitsa layiniyo, alamu imangoti pali vuto. Yang'anani dzina ndi nambala ya mtundu wa alamuyo pa keypad kapena pa chivundikiro cha bokosi, mufufuze buku lake pa intaneti, lidzakuuzani tanthauzo la kanyali kamene kakuyaka pa keypad.

Nambala zachinsinsi zimakhala ziwiri. Ina ndi ya mwini nyumba, yoyatsira ndi kuzimitsira. Ina ndi ya katswiri amene anaiika, ndipo imeneyi ndi imene imagoneka alamu kuti munthu atsegule mabokosi popanda phokoso. Ngati pa bokosi kapena pa sayirini ya kunja pali dzina la kampani, aimbireni musanagwire kanthu. Mudzadziwa ngati alamuyo ikadali yolumikizidwa ku ofesi yawo yolondera, kuti asatumize alonda kapena apolisi inu mukungomasula zomangira. Mudzadziwanso ngati zipangizozo ndi zanu, pakuti makampani ena amangobwereketsa. Mabokosi ambiri amatheka kuwabwezera ku nambala za kufakitale, koma ena akatswiri amawakhoma dala, ndipo otero ndiye ofunikadi kusintha.

Tsono ngati mwatsimikiza zochotsa, mvetsetsani chifukwa chake pulayazi ili yoipa. Alamu anaipanga poganizira wakuba wobwera ndi pulayazi yemweyo. Pa zivundikiro zambiri, za bokosi, za keypad ngakhale za sensa (kachipangizo kamene kamamva kuti kwalowa munthu), pali kaswitchi kotchedwa tamper, kamene kamachititsa alamu kulira mukangotsegula, ngakhale ili yozimitsa. Ndipo masayirini ambiri a kunja ali ndi kabatire kawokawo. Sayirini yotere imakhala chete malinga ikulandira mphamvu kuchokera ku bokosi lalikulu. Waya akangoduka, imadziwa kuti zinthu zavuta, imayamba kukuwa yokha, ndipo palibe nambala imene ingaitontholetse chifukwa mwaidula kale kuti isamvanenso ndi keypad. Phokoso lake limapitirira 100 dB pa muyezo wa kukula kwa phokoso. Munthu ali pamwamba pa makwerero, mutu uli pafupi ndi chinthu chotero, akadzidzimuka amagwa. Ngozi yeniyeni pa ntchito imeneyi ili pamenepo.

Ine ndimachita chonchi. Ndimasankha masana, ndimawauza anansi kuti kumveka phokoso kwa kanthawi, ndipo ndimaonetsetsa kuti pali munthu wondigwirira makwerero. Ndimayamba ndazimitsa magetsi opita ku alamu. M'mayiko ena alamu imadyera pa kathiransifoma kolowetsa pa soketi, kotulutsa 16.5V, ndipo kameneko mumangozula. M'mayiko ena magetsi a m'nyumba amalowa m'bokosi mwenimwenimo kudzera pa fyuzi ya 3A, ndipo apa ndikupemphani, Mayi, waya ameneyo amasule ndi katswiri wa zamagetsi, chifukwa amapha. Magetsi akazima ndimatsegula bokosi. Tamper ilira, musachite mantha. Ndimazula mawaya awiri a pa batire, wofiira ndi wakuda, m'nyumba n'kukhala bata. Nthawi yomweyo sayirini ya kunja ija imayamba. Sindithamangira kukwera. Zambiri zimasiya zokha pakatha mphindi 15 kapena 20. Ikatonthola ndimatseka m'makutu, ndimakwera ndikudziwa kuti mwina iyambiranso ndikatsegula, ndimazula kabatire kake osakhudza zina za m'katimo, pakuti mbali ya nyali yothwanima ya pa sayiriniyo imasunga mphamvu yoluma.

Bokosi likafa, musamasule waya ndi mmodzi yemwe musanajambule. Tengani foni mujambule m'kati monse, pafupi, kuti mitundu ya mawaya ndi tizilembo ta pamene alowera zioneke. Yang'ananinso kuseri kwa chivundikiro. Akatswiri osamala amasiyako kapepala kolembedwa ndi pensulo: 1 khomo lakumaso, 2 pabalaza, 3 zenera lakukhitchini. Kapepala kameneko kasungeni ngati chiphaso. Mukamamasula, waya aliyense muzimumata tepi n'kulembapo kumene akuchokera, mumusiye ndi utali wake wonse. Ndinaonapo nyumba imene mawaya anawadulira m'khoma mwenimweni n'kumatapo pulasitala. Patapita chaka mwini wake anafuna alamu ya mawaya, ndipo anachita kuboola makoma opentedwa kale kuti akoke ena, pomwe akale anali momwemo, amoyo, koma ofupika ndi chala chimodzi. Zinandiwawa kwambiri.

Nanga n'ziti zimene zingagwirenso ntchito? Timasensa ta pa zitseko ndi mazenera n'tosavuta: mbali ina kamaginito, mbali ina kaswitchi kamene kamatseka maginito akayandikira. Sitisankha mtundu wa bokosi, ndipo sitifa wamba. Masensa a m'ngodya za zipinda, a PIR, amene amamva kutentha kwa thupi likamayenda, nawonso a mawaya amadya 12V ndipo amagwirizana ndi mabokosi ambiri. Komabe akapitirira zaka 10 kapena 15 ine ndimalangiza kusintha mutu wake n'kusiya waya, makamaka ngati muli ndi galu kapena mphaka, pakuti alipo amakono amene salabadira chiweto chaching'ono. Keypad ndiye iwalani, imangomvana ndi bokosi la mtundu wake basi. Chimodzimodzi masensa akale opanda mawaya: ena amalankhulira pa mafunde a wailesi a 433 MHz, ena 868, ena 345 kapena 319.5, ndipo ngakhale nambalazi zifanane, chinenero chimasiyana kampani ndi kampani.

Pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamazunguza mitu anthu odziikira okha. Kumapeto kwa waya aliyense, nthawi zambiri m'kati mwa sensa, mumakhala kachipangizo konga kambewu ka mpunga kokhala ndi timizere tamitundu, resistor. Bokosi limayeza kameneka kuti lisiyanitse chitseko chotsekedwa ndi waya amene wina wamuseweretsa. Vuto n'lakuti kampani iliyonse ili ndi muyezo wake: mabokosi a DSC amafuna 5.6k, a Honeywell Vista amafuna 2k. Mukaika bokosi latsopano osasintha timeneti, lidzakuuzani kuti zitseko zonse n'zotsegula inu mukuziona zili zotseka, ndipo mudzaganiza kuti mawaya ndi akufa. Sanafe. Munthu wodziwa kugwiritsa ntchito multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, amazipeza m'mphindi zochepa.

Za alamu yopanda mawaya imene bambo akuifunayo, sindikuinyoza. Kwa munthu wa lendi, kapena m'nyumba yopanda waya ndi mmodzi yemwe, ndi yabwino zedi. Koma sensa iliyonse ili ndi batire lake, ndipo pakapita zaka zingapo mudzayamba kuyendayenda ndi makwerero kusintha limodzi lero, lina mwezi wamawa. Makoma ochindikala ndi zitseko zachitsulo zimafooketsanso mauthenga ake. Inu amene muli kale ndi mawaya, funani bokosi lolandira zonse ziwiri, limene amalitcha hybrid. Zipinda zakale zikhale pa mawaya, ndipo kumene waya sanafikeko muikeko sensa yopanda waya.

Pogula, funsitsani mmene alamuyo idzakuuzirani kuti kwalowa munthu. Mafoni apansi akale akutha, ndipo m'mayiko ambiri netiweki ya 3G, kwina ndi 2G yomwe, akuizimitsa, choncho musalole kugulitsidwa chipangizo chodalira zimenezi zokha. Yabwino ndi yokhala ndi njira ziwiri, intaneti ya m'nyumba ndi SIM khadi ya 4G, chifukwa magetsi akazima intaneti ya m'nyumba imazima nawo pomwe alamu ikadali moyo pa batire. Ngati katundu wanu ali pa inshuwalansi, afunseninso a kampaniyo musanasinthe. Ena amafuna alamu yoikidwa ndi katswiri wovomerezeka, ndipo ku Ulaya amatchula muyezo wa EN 50131, umene nyumba zambiri zokhalamo zimagwera pa Grade 2.

Chimene chimandidetsa nkhawa kuposa zonsezi chili kudenga kwanu. Kwezani maso muone ngati pali timasensa tozungulira tomva utsi. M'nyumba zina timeneti timadyera ku bokosi la alamu lomwelo, ndipo tsiku limene mwalipha nato timafa mwakachetechete, tili pomwepo ngati tikugwira ntchito. Muli ndi ana m'nyumbamo. Musanazimitse bokosi, gulani toyendera batire patokha muike m'khonde la ku zipinda zogona. Takaleto ngati tadutsa zaka 10 kuchokera pa deti lolembedwa kuseri kwake, nthawi yake yatha kale ngakhale mukanapanda kuchotsa alamu. Yesetsaninso kuti yakale ichoke tsiku limene yatsopano ikulowa. Batire lakalelo lili ndi mtovu ndi asidi, musaliponye m'bini kapena kulisiyira ana. Liperekeni kumene amalandira mabatire akutha.

Kwa usiku uno, pezani buku la alamuyo muone batani loletsa kulira kwa keypad, maalamu ambiri ali nalo. Mukapeza bokosi lalikulu lija, jambulani dzina lolembedwa panja pake musanalitsegule, munditumizire pamodzi ndi chithunzi cha keypad kanyali kaja kakuyaka. Ndidzakuuzani ngati mukufunika batire lokha kapena bokosi lonse.