Funsani za Foni: Wi-Fi si intaneti, musamawononge bandulo pa munthu amene mwakhala naye pamodzi

Mwezi uno mafunso ambiri amene afika akuzungulira pa nkhani imodzi, kulumikiza foni ndi chinthu china chimene chili pafupi pomwepo, kaya ndi foni inzake, pulinta, sipika kapena TV, popanda chingwe. Ndasankhapo ochepa, enanu amene munafunsa zofanana mayankho anu ali momwemu.

FUNSO: Ine ndine mlembi wa kwaya ya amayi ku Area 25. Tinajambulitsa vidiyo ya nyimbo zathu ndipo ojambulawo anandiikira mu foni, ndi ya 1.5 GB. Amayi onse akuifuna. Ndinayesa pa WhatsApp bandulo inatha isanapite, tinayesa Bluetooth ndi mayi wina mpakana tinaweruka isanafike ndi theka lomwe. Nditani?

YANKHO: Mayi, pepani ndi bandulo imene yapitayo, zimandipweteka ndithu chifukwa ndalama imeneyo simunayenera kuiwononga olo pang'ono. Mukatumiza pa WhatsApp, vidiyoyo imayamba yakwera pa netiweki, ipite kumakompyuta a kampaniyo kunja kwa dziko, kenako ibwererenso kudzalowa mu foni ya mayi amene mwakhala naye pa benchi limodzi, ndipo nonse awiri mumalipira, inu potumiza iwo polandira. Mukakhala amayi 20 ndiye kuti 30 GB yathera pa kulandira kokha.

Bluetooth nayo sinalakwe, kungoti sinapangidwire ntchito imeneyo. Anaiyambitsa ndi a Ericsson ku Sweden mu 1994 kuti ilowe m'malo mwa timawaya tifupitifupi, ndiye imathamanga mwina 2 megabits pa sekondi basi, vidiyo yanuyo ingatenge ola ndi theka kapena kuposa, kwa munthu mmodzi yekha. Zili ngati kudzaza diramu ndi kapu. Ya nyimbo imodzi kapena chithunzi ndi bho, koma vidiyo ayi.

Chimene mukufuna inu ndi Wi-Fi Direct, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, akangomva Wi-Fi amaganiza kuti ndi intaneti, amati nanga ine Wi-Fi ndiitenga kuti kunyumba kulibe. Ayi mayi, Wi-Fi ndi kawayilesi chabe kamene kali mkati mwa foni yanu kale, kamatha kulankhula ndi rauta, kabokosi kaja kogawa intaneti, komanso kamatha kulankhula ndi foni inzake mwachindunji popanda rauta, popanda netiweki, olo mutachotsa simu khadi. Njira imeneyi inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo mafoni a Android akhala nayo kuyambira Android 4.0, foni imodzi imadzisandutsa rauta kwa kanthawi inayo nkulumikizako. Simukuyenera kukaisaka mu Settings, pali Quick Share imene imachita zonsezo yokha. Mafoni ena akalembabe Nearby Share, ndi chinthu chomwecho, Google inachitulutsa mu 2020 ndipo mu 2024 anachiphatikiza ndi cha Samsung nkusintha dzina.

Chitani chonchi. Nonse awiri zimitsani data kaye kuti mtima ukhale m'malo, kenako yatsani Bluetooth, Wi-Fi ndi Location. Bluetooth ikufunikabe chifukwa ndi imene imapeza foni inzake, katunduyo ndiye amayenda pa Wi-Fi. Olandirawo akoke sikirini kuchokera m'mwamba, apeze Quick Share, asankhe Everyone kuti foni yawo ioneke. Inu tsegulani pamene pali vidiyoyo, ikanikizeni kwa kanthawi, dinani Share kenako Quick Share, dzina la foni yawo libwera, lidineni, iwo adine Accept. Mafoni akhale pafupi, sikirini isazime. Maminitsi ochepa yalowa yonse, ndipo imafika mmene ilili osati yofinyidwa ija ya pa WhatsApp imene nkhope za amayi a kumbuyo sizioneka.

Musakhale nokha otumiza ayi, mutopa ndipo batire litha. Amene walandira atumizirenso wina, awiri akhale anayi, anayi akhale 8, maulendo asanu okha kwaya yonse ili nayo. Koma aliyense aone kaye ngati mu foni mwake muli malo okwana 1.5 GB, mafoni ambiri ang'onoang'ono amakhala odzaza kale ndi mavidiyo a m'magulupu ndipo imakanira kumapeto, zimene zimakhumudwitsa kwambiri. Amene foni yawo ilibe Quick Share aone XShare imene imabwera kale mu Tecno ndi Infinix zambiri, kapena Xender ndi SHAREit, nazonso zimayendera Wi-Fi yomweyo koma nonse awiri mukhale ndi apu yofanana. Ineyo ndimakonda imene inabwera ndi foni, maapu enawa amadzaza malonda pa sikirini data ikangoyatsidwa, komanso mu 2021 akatswiri a Trend Micro, kampani ya chitetezo cha makompyuta, anapeza mipata mu SHAREit imene anthu oipa akanatha kulowerapo. Ngati mukuifunabe itengeni pa Play Store, osati ija yopatsana yakalekale imene sinasinthidwepo.

FUNSO: Mchemwali wanga wabwera kuchokera ku Joni ndi iPhone. Tikufuna zithunzi za chinkhoswe koma Bluetooth yake sikuona Tecno yanga. Yafa? (Mnyamata wa ku Kawale)

YANKHO: Sinafe achimwene, iPhone situmiza zithunzi pa Bluetooth, Bluetooth yake ndi ya mahedifoni, sipika ndi galimoto. Ili ndi njira yakeyake, AirDrop, imene anaipangira zipangizo za Apple, Tecno yanuyo siiona. Ikani apu imodzi pa mafoni onse awiri, ine ndinganene LocalSend, ndi yaulere ndipo ilibe malonda. Ikatero yatsani hotspot pa Tecno yanu data ili yozimitsa, achemwali alumikize iPhone ku hotspot imeneyo, olo ilembe kuti palibe intaneti musaimvere, tsegulani apuyo nonse muonana. Bandulo ingopita pa kudawuniloda apuyo basi.

FUNSO: Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta ku Mchesi. Makasitomala amabwera ndi ma CV ndi makalata mu foni, anditumizire pa WhatsApp, ine ndidawunilode, ndilumikize chingwe ku kompyuta, ndiye ndipulinte. Netiweki ikavuta mzere umatalika ena amangochoka. Pulinta yanga ndi HP ndipo ili ndi kachizindikiro ka Wi-Fi koma sindinakagwiritsepo ntchito poti pashopu palibe intaneti.

YANKHO: Bambo, kachizindikiro kameneko ndi ndalama imene mwangoikhalira. Mapulinta ambiri okhala ndi Wi-Fi ali ndi Wi-Fi Direct, pa HP zambiri kabatani kake kamaonetsa kafoni ndi kapulinta pamodzi, pa zokhala ndi sikirini muipeza mu Network kapena Wireless. Mukaiyatsa pulintayo imaulutsa Wi-Fi yakeyake, mukatsegula Wi-Fi pa foni muona dzina loyamba ndi DIRECT kenako HP ndi mtundu wa pulintayo. Pasiwedi ya kufakitale pa HP zambiri ndi 12345678, ikakana pulintani pepala la Network kapena Information limalemba dzina ndi pasiwedi. Ndipo muisinthe pasiwediyo tsiku lomwelo, apo ayi aliyense wodutsa pa msewu amene akudziwa manambala amenewa atha kukuthererani inki ndi mapepala.

Pamene ambiri amagwa ndi apa, foni ikalumikiza imalemba kuti Wi-Fi iyi ilibe intaneti nkufunsa ngati ikhalebe, muyankhe kuti ikhalebe, ndipo data muzimitse chifukwa mafoni ena amathawa okha kubwerera ku data ndiye pulinta siioneka. Kenako tsegulani kalatayo, dinani timadontho titatu, Print, sankhani pulinta. Android 8 kupita m'mwamba imakhala ndi Default Print Service kale, ikapanda kuona pulinta ikani apu ya HP kapena Mopria Print Service. iPhone imagwiritsa ntchito AirPrint, palibe choika ngati pulintayo ili nayo.

Komano ndikuuzeni maganizo anga, kulumikiza foni ya kasitomala aliyense ku pulinta kukuchedwetsani, wina foni yake ivuta, wina sadziwa pamene pali Settings, komanso pasiwedi yanu ifalikira Mchesi yense. Bola foni imodzi ya pashopu ikhale yolumikiza ku pulinta, makasitomala azikuponyerani pa Quick Share. Ngati kompyuta yanu ili ndi Windows 10 kapena 11 ya 64-bit, yokhala ndi Bluetooth ndi Wi-Fi, ilipo Quick Share ya Windows, kalata imachoka mu foni kugwera pa kompyuta pomwepo. Muziwauza asunge ngati PDF kaye, CV ya mu Word imasokonekera mizere ikatsegulidwa pa foni ina. Chinanso chimene ndikupemphani ndi mtima wonse, muzifufuta mukapulinta. Anthu amakusiyirani chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, makalata a kuchipatala, foni yanu itabedwa mu minibasi ku depoti zonsezo zapita kwa munthu wosamudziwa.

FUNSO: Sipika yathu ya Bluetooth ya ku mphakati dzulo imalira bwinobwino ndi foni ya mnzanga, lero foni yanga sikuipeza olo ndiyatse ndizimitse. (Mtsikana wa ku Chinsapo)

YANKHO: Achemwali, masipika ambiri amagwira foni imodzi pa nthawi, ndipo mukangoyatsa amathamangira foni imene analumikizana nayo komaliza. Ngati mnzanuyo ali pafupi, olo foni ili m'chikwama, sipika yamugwira kale ndiye siionekanso kwa inu. Azimitse Bluetooth yake. Zikakanikabe kanikizani batani la Bluetooth pa sipikayo osalisiya mpakana kanyali kayambe kuphethira mwachangu, ndi nthawi yokhayo imene imaoneka kwa foni yatsopano, inu dinani Pair new device. Onaninso kuti sinasiyidwe pa USB, FM kapena AUX, dinani Mode mpakana ifike pa Bluetooth. Ikafunsa nambala yesani 0000 kapena 1234. Ngati dzina lake lilipo kale mu foni koma ikukana, dinani Forget muyambirenso. Musapite patali kuposa mamita 10, khoma la njerwa limachepetsanso pamenepo. Ndipo pa mapemphero ikani foni pa Do Not Disturb, komanso musatsegule voice note foni ili pa sipika, anthu onse amva.

FUNSO: Mwanena kuti Wi-Fi sidya bandulo, nanga bwanji ine ndinayatsa hotspot kuti ndilembe asayimenti pa laputopu, 2 GB inatha ola lisanakwane? (Wophunzira, Area 36)

YANKHO: Funso labwino aise, ndipo kusiyana kwake kumveke. Wi-Fi ya pakati pa foni ndi laputopu ndi yaulere, koma data ikakhala yoyatsa foni imasanduka chipata cha intaneti, chilichonse chimene laputopu ikoka chikuchoka pa bandulo yako ya Airtel kapena TNM. Laputopu imaona ngati yapeza Wi-Fi ya ku ofesi yopanda malire ndiye Windows imayamba ma update, OneDrive nayo, antivayirasi nayo, iwe uli busy kulemba osadziwa kanthu. Pa laputopu pita ku Settings, Network & Internet, Wi-Fi, dina dzina la hotspot yako, yatsa Metered connection, ndipo ku Windows Update dina Pause. Pa foni ika pasiwedi yovuta osati 12345678 kapena dzina lako, uziona mndandanda wa olumikizidwa, pa hositelo anzako amaloweza pasiwedi kamodzi kokha foni zawo nkumadzilumikiza zokha tsiku lililonse. Hotspot imatenthetsanso foni ndi kudya batire, ukakhala ndi chingwe gwiritsa USB tethering, foni imachajidwa uku ukugwira ntchito.

FUNSO: Ndagula smart TV ya Hisense koma kunyumba kulibe Wi-Fi. Ndingaonetse mavidiyo a mu foni pa TV? (Bambo wa ku Likuni)

YANKHO: Zitheka bambo, ndipo rauta sikufunika. Njira yake ndi Miracast ya mu 2012, imayendera Wi-Fi Direct yomwe ija, vuto ndi loti kampani iliyonse inaipatsa dzina lake. Pa Hisense dinani Input pa rimoti mupeze Anyview Cast kapena Screen Sharing, muisiye pamenepo ikudikira. Pa foni yatsani Wi-Fi, ya Samsung sakani Smart View, zinazi Cast, Screen cast kapena Wireless display, dzina la TV likabwera lidineni ndipo pa TV muvomere. Mafoni ena otchipa alibe Miracast, mukasaka osaipeza musavutike ndi maapu olonjeza zodabwitsa, ikani vidiyoyo mu fulashi mubaye kumbuyo kwa TV, imaonekanso bwino kuposa. Zimene zili kale mu foni sizidya kanthu, koma mukamaonera mpira kapena YouTube data ikuyendabe pa foniyo. Kumbukiraninso kuti chilichonse cha pa sikirini ya foni chikuoneka pa TV, ma meseji a Airtel Money ndi Mpamba omwe, ndiye ana ndi alendo akakhala pa balaza zimitsani kaye ma notification musanalumikize.