Za kalendala ya ku Ethiopia ija

Eee msuweni, ndamva funso lako. Ukuti n'chifukwa chiyani kalendala ya ku Ethiopia ili m'mbuyo zaka 7 kapena 8. Iwe? Kalendala? Hahaha, unayamba liti? Chabwino, ali ndi miyezi 13, chaka chimayamba mu Seputembala, ndipo kubadwa kwa Yesu anawerengera mosiyana ndi ife. Basi. Koma mnyamata wa ku Ethiopia uja unamuika pa status ndamuona, ndipo ndikudziwa ukuopa pakamwa pa azakhali, monga nthawi ya achemwali ija.

Ukukumbuka amalume ali ndi golosale ku Dowa? Usanabadwe... ayi, unali ku pulayimale. Anali ndi mnzawo wa ku Ethiopia wokhala ku Dzaleka, ankapikulitsana shuga ndi mafuta ophikira. Tsiku lina amuitanira kunyumba, aphetsa tambala, wofiira uja ankasungira Khirisimasi. Munthu wafika, wasamba m'manja, wadya nsima ndi nkhwani wotendera. Nyama osaikhudza. Eee, amalume kupsa mtima! Ati watinyoza ameneyu, kapena akuganiza tamuthirira mankhwala. Moni anasiya kumupatsa. Kenako ndi pamene wina anawauza kuti linali Lachisanu. Akhristu a mpingo wa Orthodox aja Lachitatu ndi Lachisanu amasala, sadya nyama, mazira, ngakhale mkaka. Amalume anakapepesa okha, atanyamula tambala wina kukhwapa, ulendo uno Lamlungu.

Ndiye tamvera. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ufumu wakale wa ku Ethiopia, inalandira Chikhristu cha m'ma 330, mpaka kudinda mtanda pa ndalama zake. Kuno amishoni anafika ku Magomero mu 1861, tawerengera wekha. Chinenero chakale cha ku Ethiopia, Ge'ez, akupemphera nachobe m'tchalitchi. Ataliyana anathyoledwa ndi asilikali a ku Ethiopia pa nkhondo ya ku Adwa mu 1896, ndipo chimwala chosema cha ku Aksum chomwe anadzatenga mu 1937 kupita nacho ku Rome anachibweza mu 2005.

Ndikutanthauza kuti... mnyamatayo ali ndi kwawo, ndipo tchalitchi chakecho si cha dzulo. Usachite naye manyazi. Azakhali akafunsa zoti amapemphera kuti, uwayankhe mutu uli m'mwamba, kapena undiimbire ndiwayankhe ine. Wamva? Usamubise. Bwera naye kumudzi tidzamuone, koma usasankhe Lachitatu kapena Lachisanu, amayi angaphe nkhuku pachabe.