Kabokosi ka kamera kakalowa madzi, yambani mwaona O-ring

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake kabokosi ka kamera yanu kakulowa madzi mukamajambula mbuna ku Cape Maclear, chonsecho n'katsopano. Kawirikawiri vuto limakhala pa O-ring, kamphira kozungulira kapachitseko kaja. Kanjere kamodzi ka mchenga wa ku Chembe, ngakhale tsitsi limodzi, n'kokwanira kutsegulira madzi njira.

Chotsani kamphirako ndi zala kapena khadi lapulasitiki, mpeni ndi singano ayi. Pukutani kamphirako ndi mzere womwe kamagonamo, pogwiritsa ntchito kansalu kosathothoka ulusi. Kenaka pakani mafuta a silicone grease pang'ono chabe, kangonyezimira basi. Ambiri amapaka mothinana poganiza kuti mafuta ndiwo amatseka madzi, pomwe ntchito yake n'kufewetsa mphira. Akachuluka amangokoka mchenga. Vaseline musayese, amawononga mphira zina.

Kabokosiko muzikatsegulira m'nyumba, osati pagombe. Musanalowetse kamera, ikanimo tishu, tsekani, mukamize m'ndowa yamadzi kuti muone ngati tishuyo anyowa, ndipo mukatha mutsike nako m'nyanja kopanda kanthu, chifukwa pa mamita 10 mphamvu yokanikiza imakhala pafupifupi kawiri ya pamtunda. Dzuwa la Mangochi nalonso limabweretsa nthunzi mkati, ndiye m'boti muzikaphimba ndi thawulo lonyowa. O-ring ikachita ming'alu kapena kuphwatalala, gulani ina.